Hutala ya Julião

Pagalaja ya esiteti ina ya tiyi, m'munsi mwa phiri la Tumbine ku Milange, panali malole asanu ndi awiri m'masiku a Apwitikizi. Pofika chaka cha 1978, awiri anali atawoloka malire pamodzi ndi eni ake, anayi anali atakhala pamiyala opanda matayala, nkhuku zikuikira mazira m'mipando. Imodzi yokha ndiyo inkapumabe, lole yobiriwira yokalamba, ndipo woyendetsa wake anali Julião.

Tisamudye miseche yokhayokha munthuyu, ntchito ankaidziwa. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala pamwamba pa matumba kumbuyo kwa loleyo, dzuwa ndi mvula zili zake, bwana wachipwitikizi akuyendetsa. Luso analiba ndi maso. Bwanayo atathawa, makiyi anagwera m'manja mwa Julião ndipo palibe anatsutsa. Vuto linali lakuti pamodzi ndi makiyiwo analandiranso hutala. Inali ya malipenga awiri amkuwa okhala padenga, yolira ndi mpweya, ndipo ikalira ku Milange agalu a ku Muloza, tsidya la Malawi, ankayankha. M'mawa uliwonse, asanayang'ane madzi kapena mafuta, Julião ankakwera padenga ndi kansanza ndi phulusa n'kupukuta malipengawo mpaka kudzionerapo nkhope.

Makaniko wa pagalajapo anali a Basílio, amene onse ankawatcha a mesitiri chifukwa cha luso lawo, bambo wachikulire wa zala zisanu ndi zinayi, amene zipangizo zitasowa m'dziko anaphunzira kuchiritsa lole yamoyo ndi ziwalo za malole akufa. Tsiku lina anatuluka pansi pa lole akupukuta manja, nkhope ili yakugwa.

"Mwana wanga, mabulekiwa akudontha. Timphira tam'kati tatha. Mafuta ake kulibe, ine ndikungothiramo madzi a sopo kuti uziyendako. Undisiyire loleyi tsiku limodzi lathunthu, ndiseme timphira tina ndiikemo."

"Tsiku lathunthu, a mesitiri? Ndiye anthu a ku Majaua mchere adzausenze pamutu?" Julião anaseka uku akusisita lipenga la hutala, imene kumeneko amaitcha buzina. "Buleki yanga ndi iyi. Buzina ikalira msewu umadzisesa wokha."

"Buzina imachenjeza, siimitsa galimoto," anatero a Basílio. "Komanso si onse oyenda pamsewu amene ali ndi makutu ndi miyendo ngati yako."

"Wopanda miyendo azikhala pakhomo."

A Basílio anangopukusa mutu n'kubwerera pansi pa lole.

Msewu wa ku Majaua ndi wafumbi, wopapatiza, ndipo eni ake enieni ndi oyenda pansi: amayi osenza chinangwa, ana a sukulu, abambo okankha njinga zolemedwa ndi nyemba. Madalaivala aulemu ankadziwa mwambo wake. Ukaona anthu umachepetsa liwiro ukadali patali, n'kuliza kamodzi mofatsa ngati mlendo woodira pakhomo la eni, kenako n'kudutsa pang'onopang'ono kuti usawadyetse fumbi. Julião zimenezo ankaziyesa mantha. Phazi lake silinkachoka pamafuta. Ankangogona pahutala kuyambira kutali, ndipo wochedwa kupatuka ankamuwonjezera ina pamsana penipeni. Mitsuko inkasweka, mitolo ya nkhuni inkamwazika, nkhalamba zinkadziponya m'ngalande nsalu zili m'mwamba, iye akuseka mpaka misozi.

Chokwiyitsa n'chakuti iye yemweyo anali ndi chipsera pabondo, cha tsiku limene ali mwana anadziponya paminga pothawa hutala yomweyo, mzungu akuseka. Ukanayesa kuti wodziwa kuwawa kwa minga angamvere anzake chisoni. Ayi ndithu, iye anangosintha mpando. M'midzi anthu ankanong'onezana kuti mzungu anapita koma hutala yake anasiyira mwana wathu yemwe. Pamaso pake sankanena kanthu, poti mchere, sopo ndi odwala opita kuchipatala, zonse zinkadalira lole imodzi yomweyo.

M'boma lonse la Milange munali munthu mmodzi yekha amene Julião ankamuimira pamsewu. Nyumba yake inali m'mbali mwa msewu womwewo, kumunsi kwa mtsetse wautali wotsikira pamlatho wa kamtsinje ka Namilonga. M'nyumbamo munali mkazi wake Carlota ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Laurinda, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwanayu anabwera pambuyo pa manda awiri ang'onoang'ono, choncho bambo ake ankamusunga ngati dzira.

Awiriwa anali ndi masewera awo. Julião akafika pamwamba pa mtsetse ankaliza hutala, ndipo Laurinda, kaya akudya kaya akusewera, ankasiya zonse n'kuthamangira kumsewu. Ankaima pakati penipeni, n'kukweza kadzanja monga anaonera apolisi a pachipata cha malire. Lole ija, yoopedwa ndi dziko lonse, inkabwera ikufwenthera n'kudzaima pamaso pake ngati ng'ombe yoweta.

"Dokumentu, kamarada motorisita!" ankakuwa motero mwanayo poitanitsa ziphaso za dalaivala, nkhope ataiumitsa.

"Pepani a polisiya, nayi," bambo ake ankayankha, akutulutsa pawindo kachidutswa ka nzimbe kapena nthochi. Akatero ankamukweza kutsogolo n'kuyenda naye mpaka pamtengo wa mango wa pamlatho, pomwe ankamutsitsa. Kunena zoona zinali zokoma kuziona, ndipo ngakhale amene ankadana ndi Julião ankamwetulira.

Carlota yekha ndiye sankamwetulira.

"Bambo a Laurinda, masewera amenewa ine akundidwalitsa mtima. Ana a anzathu akamva buzina amathawira kutchire. Wathu yekha ndiye amathamangira kumsewu. Mukumuphunzitsa kuti buzina ndi kuitana."

"Nanga si bambo ake amene akumuitana? Loleyi imamudziwa mwanayu."

"Chitsulo sichidziwa munthu."

"Inu dziwani za kudimba, mayi a Laurinda. Za chitsulo mundisiyire ine."

Nthawi yokolola itafika, hutala inapeza munthu wake woyamba. A Dinis, katekisita wa tchalitchi cha Katolika cha m'deralo, ankachokera kumunda atamanga thumba la nyemba panjinga. Pamalo ena msewu umakhota, mbali ina kuli khoma la dothi, mbali ina kuli chigwembe cha miyala. A Dinis atamva hutala anayesa kutsika, koma njinga yolemedwa siimva zofulumira. Akulimbana nayo choncho, lipenga linaphulikanso pamsana pawo. Anapita m'chigwembe, njinga ndi thumba zili pamwamba pawo, mwendo n'kuthyokera m'ntchafu. Julião sanaime. Pambuyo pake ananena kuti pagalasi anangoona fumbi. Anthu odutsa ndiwo anawatola a Dinis n'kuwanyamula pamachira mpaka kuchipatala.

Nkhaniyi inafika pamsonkhano wa Loweruka, pabwalo la sukulu. Atatha kukuwa ma "viva" a masiku amenewo, a Januário, sekeretariyo wa m'mudzimo, anatsegula kope lawo n'kumuimiritsa Julião.

"Kamarada motorisita, munaliza buzina kapena simunalize?"

"Ndinaliza, kamarada sekeretariyo. Funsani aliyense, inamveka mpaka kuphiri."

"Galimoto inawakhudza a katekisita?"

"Ngakhale pang'ono."

A Januário sanali munthu woipa, koma ankadziwa kuti akamutumiza Julião kuboma lole igona, ndipo chimanga cha anthu chidyedwa ndi anankafumbwe chisanafike kumsika. Analemba mawu atatu m'kope, akuti woyendetsa analiza hutala, n'kutseka. Apo mpamene anaimirira a Josefina, akazi awo a Dinis, mayi wamfupi amene sanalankhulepo pamsonkhano chiyambire.

"Ndifunse nawo, a sekeretariyo. Ndiye kuti munthu akayamba wakuwa asanandigende mwala, mlandu palibe?" Anatembenukira kwa Julião. "Achimwene, amuna anga sadzapalasanso njinga. Zimenezo ndazilandira. Chimene chikundiwawa n'chakuti simunaime n'komwe kuti muone ngati akupuma."

"Msewu ndi wa galimoto, mayi," anayankha Julião maso ali gwa. "Ufulu umene tinalandirawu si woyenda pakati pa msewu ayi."

A Josefina anamuyang'ana kanthawi, n'kukonza nsalu yawo, n'kukhala pansi.

Carlota anabwerera kunyumba atazolika, manyazi atamugwira ngati wolakwayo ndi iye. M'mawa mwake anatenga nkhuku ndi kadengu ka ufa n'kukapepesa kwa a Josefina mwamuna wake osadziwa. Kuyambira tsiku limenelo anasinthanso kayendedwe ka pakhomo. Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku amene lole inkapita ku Majaua, sankapita kudimba mpaka itadutsa. Hutala ikangolira pamwamba pa mtsetse ankamugwira Laurinda padzanja n'kupita naye yekha kumsewu, n'kumuimika m'mphepete, osati pakati. Mwana ankalira, akuti wapolisi saima m'tchire. Julião naye ankatupa masaya, akuti mkaziyu akumulanda mwana. Koma Carlota dzanja la mwana sankalitaya.

M'mwezi wa Julayi a Basílio anamaliza kusema timphira tawo. Poona kuti kulankhula ndi Julião n'kutaya malovu, anapita kwa mkulu wa esiteti, ndipo mkuluyo analamula kuti Lachinayi lole isatuluke. M'mawa wa tsikulo, Julião akutulutsa njinga yake yopitira kuntchito, anauza mkazi wake mokhumudwa.

"Lero sindidutsa. Madala aja apambana, lole igona pagalaja."

"Mulungu awadalitse a Basílio," anatero Carlota. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri mtima wake unakhala pansi. Anatenga khasu n'kupita kudimba, tsidya la kamtsinje, n'kumusiya Laurinda akusewera phada pabwalo ndi ana a mng'ono wake.

Julião atafika pagalaja anapeza lole yachilendo yochokera ku Mocuba. Inali itanyamula sopo ndi nsalu za sitolo ya anthu ya ku Majaua, sopo woyamba kuoneka m'miyezi inayi. Woyendetsa wake anali Fabião, bambo wofatsa wa imvi za m'mbali. Mkulu wa esiteti anali atanena kale kuti popeza lole ya pamalopo ikukonzedwa, Fabião angopitirira yekha ndi katunduyo.

Julião atamva zimenezi nsanje inamugwira. M'maso mwake ankaona kale amayi a ku Majaua akuthamangira lole, nthungululu zili pakamwa, akuvinira mlendo amene sanawanyamulirepo ngakhale thumba limodzi la mchere. Miyezi yonseyi iye wakhala akuwabweretsera nkhani zoti sopo kulibe, ndiye lero sopo wapezeka akamutule wina? Anayamba kuthira mawu. Anati timilatho ta njira imeneyo n'tofooka, lole ya Fabião ndi yolemera, mlendo sadziwa maenje. Mkulu uja anali munthu wa mapepala, buleki ndi giya sankazisiyanitsa. Fabião naye anali atatopa ndi ulendo. Pomwe a Basílio ankabwerako kosula zitsulo, komwe anapita kukatenga jeke, anapeza katundu yense atasamutsidwira m'lole yobiriwira, injini ikulira.

Nkhalambayo inaima kutsogolo kwa lole, jeke ali paphewa.

"Julião, tsika uone pansipa. Dzulo ndinathira madzi a sopo kawiri, onse ali apa, anyowetsa dothi. M'mabulekimo mwatsala mpweya wokha. Ngati mtima wako uli ku Majaua, kwera lole ya mnzakoyi umulondolere njira."

"Ndikwere ngati katundu? Zaka khumi ndi ziwiri zinandikwana, a mesitiri. Mawa tsiku lonse ndi lanu."

"Mwana wanga, ndakupempha."

Julião anayankha ndi hutala. A Basílio anadumphira pambali monga ankachitira wina aliyense, jeke n'kugwera m'fumbi.

Kuchoka m'tauni msewu ndi wosalala ndithu, ndipo lole inkayenda bwino. Kawiri konse Julião anaponda buleki poyesa, inagwira mwaulesi koma inagwira. Anayamba kuimba mluzu. Dzuwa linali litakwera, kunja kukuzizira pang'ono monga kumachitira mwezi umenewo, ndipo anthu ankapatuka monga mwa masiku onse.

Atafika pamwamba pa mtsetse wa Namilonga anaponda buleki kuti atsike bwino. Phazi linangopitirira mpaka pansi ngati waponda phala. Anapopa kawiri, katatu, kanayi, osamva kanthu. Anayesa kubweza giya, giya inangokukuta mano n'kukana kulowa. Buleki ya pamanja inali itafa chaka chatha, chogwirira chake anachimanga ndi waya kuti chisamasokose. Kumbuyo kunali katundu wodzaza, ndipo katunduyo anayamba kukankha.

Kutsogolo kunali amayi anayi osenza chinangwa ndi bambo wina wokankha njinga. Dzanja la Julião linapita lokha pahutala. Ulendo uno sankaseka. Analiza ndi mphamvu zake zonse, mopempha, ndipo anthu aja anamwazikira m'tchire, madengu akugubuduka. Msewu unayera mpaka kumunsi. Anapuma pang'ono, akuganiza kuti akangowoloka mlatho, chitunda cha tsidya linalo chiimitsa lole chokha.

Ndipo anaona denga la nyumba yake. Mawu ake omwe a m'mawa anamubwerera: lero sindidutsa. Carlota ali kudimba. Anachotsa dzanja pahutala ngati wagwira moto, koma mawu akatuluka sabwezedwa. Kadiresi kachikasu kanali katatuluka kale pampanda, kakuthamanga.

Laurinda anali asanaimepo pakati pa msewu kwa miyezi iwiri, ndipo lero panalibe womugwira dzanja. Anafika pamalo ake akale, anaima bwinobwino miyendo ataiphatikiza, n'kukweza kadzanja.

"Choka! Laurinda, choka!" anakuwa Julião, mutu uli pawindo. Injini ndi mphepo zinameza mawu ake. Anagwedeza mkono kuti mwana apatuke, mwana anayesa moni. Posowa mtengo wogwira, anachita chinthu chimodzi chokha chimene ankachidziwa, analizanso hutala. Mwanayo anaseka n'kukweza dzanja kwambiri. Bambo ake anali asanalepherepo kuima.

Julião anapotoza chiwongolero ndi thupi lonse kulozetsa lole kungalande. Mutu wa lole unamuphonya mwanayo. Koma thupi lake lolemedwa linatsetsereka cham'mbali pafumbi, n'kusesa msewu wonse lisanagubuduzike. Lole inakagona cham'mbali pafupi ndi mtengo wa mango, matayala akuzungulirabe m'mwamba. Sopo anamwazika kuyambira pampanda mpaka pamlatho.

Julião anatulukira pawindo ali ndi kabala kamodzi pachipumi. Tsoka lake linali limenelo, kuti sanavulale. Anayenda chokwawa kubwerera kumsewu, akuitana dzina la mwana wake mwapansipansi ngati akuopa kumudzutsa. Anamupeza m'mphepete mwa msewu, m'malo momwe mayi ake ankamuimika muja. Nkhope inalibe bala. Anamunyamula, mutu wa mwana unagwera kumbuyo, ndipo bambo uja analira kulira kumene anthu a m'mudzimo sanakuiwale mpaka lero.

Carlota anali atamva hutala yoyamba ali kudimba. Anataya khasu pomwepo, n'kuwoloka kamtsinje osafuna pamiyala powolokera, akukuwa dzina la mwana njira yonse. Anafika nsalu itanyowa mpaka m'chiuno. Anthu anali atazungulira kale, ndipo atamuona anapatuka. Sanadzigwetse pansi, sanamutukwane mwamuna wake. Anagwada, n'kumulanda mwana m'manja mwake mofatsa, n'kumupukuta fumbi kumaso ndi nsonga ya nsalu.

"Munamuitana," anatero osamuyang'ana. "Wabwera."

Sopo uja anakhala pamsewu mpaka madzulo. Anthu amene anatha miyezi inayi akuchapira phulusa ndi masamba ankamulambalala, ndipo palibe anawerama kutola ngakhale mmodzi.

Dzuwa litapendeka anafika a Januário ndi kope lawo, pakuti kuboma kunkafunika lipoti. Anamupeza Julião atakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, magazi ataumira pachipumi. A Januário anakhala pambali pake. Mafunso a lipoti la ngozi anali omwe aja, ndipo sakanawasintha. Anatsokomola, n'kufunsa ndi mawu otsika.

"Kamarada motorisita, munaliza buzina?"

Yankho limene linamupulumutsa Julião pabwalo la sukulu linali lomwelo, ndipo linali loona.

"Ndinaliza," anatero. "Ndinaliza, a sekeretariyo. Ndikanapanda kuliza bwenzi ali pabwalo akusewera."

A Januário anatseka kope osalemba kanthu.

Kwathu kuno pakagwa maliro pafupi ndi msewu, anthu amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewupo, uku ndi uku, kuti odutsa adziwe. Wanjinga amatsika n'kuyenda pansi, wachipewa amavula, wagalimoto amachepetsa liwiro ndipo hutala saigwira. Julião nthambi zotere anali ataziponda kambirimbiri, lipenga likulira, anamfedwa akutukwana m'mitima. M'mawa wa tsiku loika maliro, atakhala pakati pa amuna panja pa siwa, anaona munthu akubwera pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, akutsimphina ndi ndodo ya m'khwapa, nthambi za mango zili kudzanja linalo. Anali a Dinis. Anawerama movutika n'kuyala nthambizo pamalo pomwe Laurinda ankaima, kenako anakwera mtsetse ndi mwendo wawo wolumalawo kukayala zina kumtunda. Atabwerako anadzakhala pafupi ndi Julião, poti ndiwo anali oti atsogolere mapemphero.

Julião anangogwira ndodo ija n'kuweramira pansi.

"Lirani, achimwene," anatero a Dinis. "Za ine tidzakamba tsiku lina. Lero tiike mwana."

Amayi ali mkati moimba, kunamveka injini pamwamba pa mtsetse. Anali Fabião, amene anatumidwa kudzatola katundu uja kuti akamufikitse ku Majaua. Julião anadikira kulira kwa hutala. Sikunabwere. Fabião ataona masamba anabweza giya ali kutali, lole n'kutsika pang'onopang'ono moti mwana woyenda pansi akanaipitirira. Podutsa pasiwa anavula kapusi n'kuigwira pachifuwa, ndipo fumbi silinadzuke n'komwe. Anakaima kutsidya kwa mlatho, n'kubwerera wapansi kudzakhala nawo pamaliro.

Lole yobiriwira anaikoka ndi thirakitala patapita sabata. A Basílio anaikamo timphira tija, ntchito imene inawatengera theka la tsiku. Asanaipereke kwa dalaivala watsopano anakwera padenga, n'kumasula malipenga awiri aja, n'kuwaponya m'lole ina yakufa momwe nkhuku zinkaikira. Anthu amati nkhalambayo inagwira ntchito yonseyo misozi ikutsika.

Julião sanagwirenso chiwongolero. Carlota sanamuthamangitse, ngakhale mudziwo unali wa kwawo ndipo akanatha kutero. Ankamuphikira, ankamuchapira, koma dzina loti bambo a Laurinda silinatulukenso pakamwa pake, ndipo analibe dzina lina lomuitanira. Mwana wina sanabadwe m'nyumbamo. Zaka zotsatira anthu ankamuona Julião akuyenda m'mphepete mwa msewu wa ku Majaua, khasu lili paphewa, munthu wokalamba msanga. Galimoto ikaliza hutala kumbuyo kwake sankathawira kutchire ngati anzake. Ankangoima chilili, n'kutseka makutu ndi manja onse awiri mpaka itapita.

Anaopseza nayo dziko lonse hutala ija, nkhalamba zinagwa, katekisita analumala, ndipo iye ankayesa kuti zonsezo zimatsala kumbuyo pamodzi ndi fumbi. Sankadziwa kuti zikumulondola msewu womwewo, mpaka pakhomo pake. Akuluakulu sananame pamene anati choipa chitsata mwini.